MUNTHU AKAPHEDWA NDI MFUTI YA APOLISI: ZIMENE OTSALA ANGACHITE PA LAMULO

Mau amene Mlembi wa Bungwe analankhula pa Msonkhano wa Pachaka



Komiti inandituma kuti ndilankhule pa funso limene mamembala afunsa kawiri-kawiri, lakuti, kodi munthu akaomberedwa ndi apolisi nafa, mkazi wake, ana ake ndi makolo ake angachitenji pamaso pa lamulo? Ine ndine kalaliki wa mu ofesi, si loya ai. Koma ukalaliki uphunzitsa munthu kulemekeza pepala ndi tsiku la pa kalendala, ndipo mudzaona kuti nkhani yathu yonse yatsamira pa ziwiri zimenezi.

Nchito ya maliro Bungwe lathu liidziwa bwino. Tidziwa kusonkha, kugula bokosi, kupeza galimoto yonyamula thupi kunka nalo ku Thyolo kapena ku Ntcheu, ndi kugona pa siwa kufikira mbanda kucha. Tikabwera kumanda ndi kusesa pakhomo timati nchito yatha, ndipo pa imfa ya matenda yathadi. Koma pa imfa ya chipolopolo pamatsala nchito yina imene sitinazolowere, ndiyo imene ana a malemu adzadyera kapena kugonera ndi njala.

Wina asaganize kuti tikukamba za kutali. M'mwezi wa May 1992, sitalaka imene inayambira pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead itafalikira m'Blantyre ndi m'Limbe, anthu oposa 30 anaphedwa m'masiku owerengeka, ndipo akulu-akulu a ku Ndirande amene ali muno akumbukira kulira kwa mfuti kwa masiku amenewo. Pambuyo pa chisankho cha pa 20 May 2004, anthu atakwiya ndi zotsatira zake, kamtsikana ka ku Chilobwe kanaphedwa ndi chipolopolo cha apolisi. Pa zionetsero zimene zinayamba pa 20 July 2011 anthu 20 anafa m'dziko muno, ambiri ku Mzuzu, ena ku Lilongwe, ku Karonga ndi kuno ku Blantyre. Ndipo bungwe lofufuza limene linapereka lipoti lake kwa Pulezidenti Joyce Banda m'chaka cha 2012 linapeza kuti apolisi anagwiritsa mphamvu yopyola muyeso.

Makolo athu anati mlandu suola. Pa bwalo la mfumu mau amenewa ali oona, pakuti mdzukulu angathe kudzutsa mlandu wa agogo ake, mfumu nkumumvera. Koma kukhoti la Boma mlandu wa chipukuta misozi umaola, ndipo umaola msanga. Ichi ndicho ndifuna kuti aliyense atuluke nacho muno, ndipo ndidzabwereranso pa icho ndi masiku ake.

Tiyambe ndi mphamvu ya wapolisi mwini. Malamulo aakulu a dziko a chaka cha 1994, pa ndime 16, anena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wa moyo, ndipo palibe wololedwa kumchotsera moyowo mwa chifuniro chake chabe. Lamulo la apolisi la chaka cha 2010, lotchedwa Police Act, pa ndime 44, lilola mfuti pa zifukwa zowerengeka, monga pamene munthu wa mlandu waukulu akuthawa m'manja mwa apolisi, kapena pamene wina akulanditsa womangidwa mwa mphamvu. Lifuna kuti wapolisi ayambe wachenjeza, ndiponso linena kuti cholinga cha kuombera chikhale kufoola munthu, osati kumupha, monga momwe kungathekere. Za zionetsero ziri pa ndime 105, ndipo pamenepanso mphamvu iyenera kulingana ndi choopsa chimene chiripo. Koteroko mau akuti “anali m'gulu la ochita chipolowe” sakwanira pa okha kutseka nkhani. Funso la khoti ndi lakuti, kodi munthu uyu, pa mphindi imeneyo, analikuchita chiyani chimene sichikanaletseka popanda chipolopolo?

Tsono imfa yotere ikachitika pamabadwa mirandu iwiri, ndipo kusokoneza iwiriyi ndiko kwatayitsa mabanja ambiri. Woyamba ndi mlandu wakupha munthu. Umenewu mwini wake ndi Boma. Wozenga ndi mkulu woimira Boma pa mirandu, Director of Public Prosecutions, ndipo mapeto ake ndi ndende kapena kumasulidwa kwa wapolisiyo. Wamasiye pa mlandu umenewu ndi mboni chabe, kapena womvera wokhala pa benchi. Sangaufulumize, sangauimitse, ndipo ngakhale wapolisi amangidwe zaka zambiri, ana salandira kanthu pa chigamulo chimenecho. Wachiwiri ndi mlandu wa chipukuta misozi, ndipo uwu mwini wake ndi banja. Palibe ofesi imene idzauyamba banja liri chete.

Anthu ambiri amati, “Tiyembekeze khoti limpeze wolakwa, ndipo tidzapempha zathu.” Kuyembekeza kumeneko lamulo silikufuna. Pa mlandu wakupha, woweruza afuna umboni wosasiya chikaiko chomveka; pa mlandu wa chipukuta misozi angoika nkhani za mbali ziwiri pa sikelo, naona imene yalemera. Ndiponso pa mlandu wachiwiriwu simusumira wapolisi wa malipiro ochepa amene alibe ngakhale njinga. Musumira Boma limene linampatsa yunifomu ndi mfuti, kudzera mwa mlangizi wake wamkulu pa malamulo, Attorney General, pakuti bwana ayankha pa zolakwa zimene wanchito wake wachita ali pa nchito. Ngakhale dzina la woombera lisadziwike, ngati mboni zitsimikiza kuti chipolopolo chinachokera kwa apolisi amene anali pa nchito, mlandu ungathe kuyenda.

Ku England kunachitika nkhani imene iwunikira bwino pamenepa. M'mwezi wa January 1998 apolisi a ku Sussex analowa usiku m'nyumba ya James Ashley namuombera ali wopanda chida chiri chonse m'manja. Wapolisi amene anaombera anazengedwa mlandu wakupha, namasulidwa m'chaka cha 2001. Bambo ndi mwana wa malemu sanagwe mphwayi. Anasuma mlandu wa chipukuta misozi, ndipo m'chaka cha 2008 bwalo lalikulu koposa la dzikolo pa nthawi imeneyo, House of Lords, linalola kuti mlanduwo upitirire. Linanena kuti pa mlandu wotere sikukwanira kuti wapolisi anene kuti mumtima mwake anaopadi. Ayenera kuonetsanso kuti mantha akewo anali ndi chifukwa chomveka. Zigamulo za ku England sizimanga oweruza athu, koma amaziwerenga ndi kuzilemekeza, chifukwa malamulo athu pa nkhani iyi anachokera komweko.

Ndinene pang'ono za kumene anachokera, pakuti nkhani yake njodabwitsa. Kale ku England munthu akafa, mlandu wake wa kubvulazidwa unkafa naye pamodzi, kotero kuti wopundula munthu ankalipa, koma womupheratu sankalipa kanthu kwa ana ake. Anthu ankanena monyodola kuti kupha nkotsika mtengo koposa kupundula. M'chaka cha 1846 anapanga lamulo lopatsa mkazi, mwamuna, makolo ndi ana mphamvu yosuma, ndipo m'chaka cha 1934 anapanga lina lakuti mirandu imene malemu akanasuma mwini itsalire chuma chake cha masiye. Malamulo awiriwa kwathu kuno ali m'buku limodzi lotchedwa Statute Law (Miscellaneous Provisions) Act, ndipo chifukwa cha ichi mlandu wa chipukuta misozi uli ndi miyendo iwiri.

Mwendo woyamba ndi wa malemu mwini. Ndime 10 ya lamulo limeneli inena kuti mirandu imene munthu anali nayo ali moyo siifa naye, koma itsalira chuma chake. Pamenepa khoti lipereka ndarama chifukwa moyo wake wadulidwa nthawi yake isanakwane. Ndipo ngati sanafere pomwepo, koma anagona ku Gulupu masiku akumva ululu, ululu umenewonso uwerengedwa. Koma mverani ichi bwino: makhoti athu anagamula kale kuti mwendo umenewu sungayendetsedwe ndi munthu wamba wa pa banja, ngakhale akhale mkazi wa malemu, pokhapokha ali ndi kalata ya khoti yomuika kukhala woyendetsa chuma cha masiye, imene pa Chingerezi amaitcha letters of administration, kapena anatchulidwa mu wilo. Kalata imeneyi iyenera kukhala m'manja mlandu usanalembedwe. Ambiri a ife timati malemu analibe chuma, anangosiya wailesi ndi mipando iwiri, nanga kalata njanji? Iyai, mlanduwo ndiwo chuma, ndipo kawiri-kawiri uposa zonse zimene anasiya m'nyumba. Ofesi ya Administrator General ndi ya Bwana Disi zingathe kulongosola njira yopezera kalatayo.

Mwendo wachiwiri ndi wa iwo amene malemu analikuwadyetsa. Ndime 3 ndi 4 zinena kuti mlandu uwu ndi wothandiza mkazi, mwamuna, makolo ndi ana. Wosuma ayenera kukhala woyendetsa chuma uja. Koma ndime 7 yatsegula khomo lina, pakuti ngati palibe woyendetsa chuma, kapena alipo koma miyezi isanu ndi umodzi yapita asanasume, odalira malemu angathe kusuma m'dzina lawo. Pa imfa imodzi mlandu wotere ndi umodzi wokha. Chifukwa chake maina a odalira onse alembedwe pachiyambi, ndi ana a kwa mai wina omwe, ngakhale nkhaniyo ikhale yowawa pa banja; mwana wosiyidwa pa pepala sadzakhala ndi mlandu wake-wake mawa.

Kawerengedwe ka mwendo uwu nkosabvuta kukamva. Khoti litenga zimene malemu analikupeza pa mwezi, lichulukitsa ndi miyezi 12, lichulukitsanso ndi zaka zimene liganiza kuti akanapitiriza kuthandiza banja, ndipo lichotsapo gawo limodzi la magawo atatu, poti limenelo akanadya yekha. Tiyerekeze kalipentala wa ku Bangwe wopeza K150,000 pa mwezi, ndipo khoti lampatsa zaka 15. Pa chaka ndi K1,800,000. Pa zaka 15 ndi K27,000,000. Kuchotsapo gawo lake lija zitsala K18,000,000. Mwaona tsono kufunika kwa pepala. Wolembedwa nchito ali ndi kalata ya malipiro. Koma wogulitsa mumsika wa Ndirande, wokwera kabaza, woswa miyala ku Machinjiri, alibe choonetsa, ndipo popanda umboni makhoti amatsikira pa malipiro otsikitsitsa amene Boma linakhazika, ngakhale munthuyo analikupeza kuposa pamenepo. Kabuku ka banki ya m'mudzi, ziphaso za msonkho wa mumsika, mbiri ya ndarama za pa foni, zonsezi ndi mboni zosaiwala, ndipo zisatayidwe pa tsiku losesa. Malisiti a bokosi, a galimoto ndi a ku mochale asungidwenso, pakuti zoonongedwa pa maliro khoti limabweza pamene zatsimikizidwa.

Wina adzafunsa za mwana, monga uja wa ku Chilobwe, amene sanayambe kugwira nchito. Makolo ake sabwerera chimanja-manja. Mwendo woyamba uja ulipo wonse, ndipo pa wachiwiri makhoti amazindikira kuti kholo liyembekeza kudzathandizidwa ndi mwana wake akakula, ngakhale ndaramazo sizifika pa za munthu wamkulu wa nchito.

Tsopano ndibwerere pa kuola kwa mlandu. Nthawi imene lamulo lipereka pa mirandu ya imfa yotere ndi zaka zitatu kuchokera tsiku la imfa. Zaka zitatu zioneka zambiri tikakhala muno. Koma chaka choyamba chimatha ndi kulira, kusamuka m'nyumba ya lendi ndi kukangana za katundu. Chachiwiri chimatha ndi kuyendera ku polisi kumene amati fayilo iri ku likulu. Pofika chachitatu wamasiye watopa, wabwerera kumudzi. Pa imfa ya pa 20 July 2011, zaka zitatu zinakwana pa 20 July 2014. Ndiponso m'kati mwa zaka zitatuzo muli msampha wina. Lamulo la kasumiridwe ka Boma, pa ndime 4, lifuna kuti musanalembe mlandu kukhoti muyambe mwapereka kalata yochenjeza kwa Attorney General, yonena dzina lanu, kumene mukhala, chimene chinachitika ndi chimene mufuna, ndipo muyembekeze miyezi itatu. Wofika kwa loya kutatsala mwezi umodzi wafika mochedwa. Kalata imeneyi ikaperekedwa, kope lake lidindidwe chidindo cha tsiku, ndipo lisungidwe monga momwe musungira chiphaso cha nyumba.

Pali chinthu china chimene chimagonetsa mabanja tulo, ndicho chipepeso. Imfa yotere ikachitika, nthawi zina akulu-akulu amabwera pa maliro ndi bokosi, matumba a ufa ndi envulopu. Kulandira si kulakwa. Mwambo wathu sukana chipepeso. Koma chipepeso si chipukuta misozi, ndipo munthu asasaine pepala liri lonse pa siwa, maso ali odzala misozi, asanaliwerengetse kwa wodziwa malamulo, kuopa kuti mwina lanena kuti nkhani yathera pomwepo.

Za umboni wa imfa yeniyeniyo ndinena mosabisa, ngakhale ndidziwa kuti ena sadzakondwa. Mwambo wathu ufuna kuti thupi lisachedwe, ndipo ambiri sitifuna kuti mbale wathu ang'ambidwe. Koma lipoti la dokotala wopima mtembo ndilo linena kumene chipolopolo chinalowera ndi kumene chinatulukira. Ndipo bala la kumsana liyankha lokha mau akuti malemu analikulimbana ndi apolisi. Kuchedwetsa maliro tsiku limodzi kapena awiri nkopepuka koposa kudzapempha chilolezo chofukula manda patapita chaka. Banja lipemphe kope la lipotilo ndi kalata ya imfa. Zobvala zimene malemu anabvala zisachapidwe kapena kutenthedwa. Maina a anthu amene anaona alembedwe sabata yomweyo, pamodzi ndi midzi ya kwawo, pakuti anthu a m'tauni ndi alendi, lero ali ku Zingwangwa, mawa ku Chilomoni, mkuja ku Joni. Amene anaona nambala ya galimoto ya apolisi ailembe, ndipo amene anajambula pa foni atumize zithunzizo kwa anthu ena awiri, foni isanabedwe kapena kufa. Lamulo la Inquests Act lipatsanso majisitireti mphamvu yofufuza imfa ya mtundu uwu poyera, ndipo banja lingathe kupempha kuti kufufuzako kuchitike.

Maofesi olandira madandaulo aliponso. Lamulo la apolisi la 2010 lija linalamula kuti pakhale bungwe loima palokha lofufuza imfa ndi kubvulala kochokera m'manja mwa apolisi, Independent Complaints Commission, ngakhale panapita zaka khumi lisanayambe nchito. Palinso Malawi Human Rights Commission. Pitaniko ndithu, pakuti zimene apeza zingalimbitse mlandu wanu. Koma iwo afufuza ndi kulangiza, salipira, ndipo kudandaula kwa iwo sikuimitsa kalendala ya zaka zitatu ija. Wosowa ndarama ya loya apite ku Legal Aid Bureau, imene iri ndi ofesi muno m'Blantyre. Mlandu weniweni ulembedwa ku bwalo lalikulu ku Chichiri, ndipo loya angathe kuonjezapo dandaulo la pa ndime 46 ya malamulo aakulu, imene ipatsa khoti mphamvu yolamula chipukuta misozi pamene ufulu wa munthu waphwanyidwa.

Sindifuna kukunamizani kuti kupambana kukhoti ndiko kulandira. Boma lichedwa kulipira zigamulo, ndipo ndarama ikamachedwa imasungunuka. Kumbukirani kuti m'mwezi wa November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 pa 100 iriyonse tsiku limodzi. Anthu amene anazunzika mu ulamuliro wa chipani chimodzi anauzidwa kuti apite ku National Compensation Tribunal, bwalo limene malamulo a 1994 analipatsa moyo wa zaka khumi. Linatsekedwa anthu zikwi zambiri asanalandire zawo zonse, ndipo m'chaka cha 2017 ofesi ya Ombudsman inali ikulembabe lipoti la madandaulo awo. Komabe wokhala ndi chigamulo m'manja ali ndi ngongole imene Boma silingaikane, pamene wopanda chigamulo ali ndi lonjezo la pakamwa chabe.

Ndarama zikafika, bvuto lotsiriza limabadwira m'nyumba mwathu momwe, ndipo apa ndilankhula ndi ife amuna amene tiri eni mbumba. Ndarama za mwendo wachiwiri si chuma cha pfuko. Khoti limagawa kwa iwo amene anatchulidwa, yense gawo lake, ndipo gawo la ana aang'ono liyenera kusungidwira iwo. Za mwendo woyamba zilowa m'chuma cha masiye, ndipo zigawidwa motsata lamulo la chaka cha 2011, Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act, limene liika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa malemu, ana ndi odalira, ndipo liyesa kulanda chuma cha masiye mlandu wotengera munthu kundende. Malume ali ndi ulemu wake pa maliro ndi pa mwambo, ndipo palibe akumlanda; angathenso kukhala woperekeza wabwino wa mlamu wake ku maofesi. Koma ngati abale ayamba kukanganirana kalata yoyendetsera chuma, wina nkukatsekereza mnzake kukhoti, miyezi imene ikutha pa mkanganowo ichotsedwa pa zaka zitatu zomwe zija.

Chifukwa cha zonsezi, Bwana Wapampando, ndipempha Msonkhano uganizire zinthu izi. Pakhale mamembala awiri, mmodzi wa amai ndi mmodzi wa abambo, amene imfa yotere ikagwa pakati pathu adzafika pakhomo tsiku lomwelo ndi kabuku, nalemba mboni, nasonkhanitsa malisiti, pamene ena tiri pa nchito ya maliro. Thumba la maliro liloledwe kulipira ulendo wa wamasiye wopita ku Gulupu, ku Legal Aid Bureau ndi ku Chichiri, kufikira kalata yochenjeza Boma itaperekedwa. Ndipo Mlembi alembe tsiku la imfa m'buku la Bungwe, nawerenge pa msonkhano uli wonse wa Komiti miyezi imene yatsala. Msungichuma wandiuza kuti adzafotokoza za mtengo wake tikafika pa lipoti la thumba masana ano.